Munda wa Mbalame

A Hedley avula magalasi, awapukuta ndi juzi,
awavalanso. Fomu sinasinthe.
Masamba makumi anayi ndi awiri
ayalidwa patebulo la kukhitchini
pakati pa botolo la mankhwala a nkhosa
ndi tiyi amene wazizira kachiwiri.
Kunja mvula ya ku Allendale ikugwa chammbali
ngati nayonso ikuthawa mphepo.

Ine ndinabwerera a Edna, akazi awo,
kudzawatembenuza usiku, kuwamwetsa mapiritsi.
Koma a Edna agona m'chipinda cham'mwamba
ndipo m'nyumba muno maso akuthwa ndi anga okha.

"Bwerezanso pamenepo," atero.
Ndibwereza: boma lidzakulipirani
mukausiya munda wakumtsinje kuti uzimira,
mukachedwetsa kutchetcha udzu
mpaka mbalame ya mlomo wokhota itaswa ana,
mukachepetsa nkhosa kuphiri,
mukabzala minga m'malire.

Aseka chiseko chouma, cha pakhosi.
"Mpanda wa mingawo anauzula ndi bambo anga.
Analipidwa. Ndi boma lomweli.
Linawagulira mapaipi kuti dambo liume,
ine ndili ndi zaka khumi,
ndinawasenza paphewa ili mpaka linasupuka.
Lero akuti ndiwatseke."

Sindiyankha.
M'thumba la yunifolomu muli uthenga wa dzulo
wochokera kwa Tiyanjane, mng'ono wanga, ku Mitundu:
dzina lake lasowanso pamndandanda wa feteleza.
Analawira nyenyezi zisanazime,
anaima pamzere mpaka dzuwa kupendeka,
anabwerako ndi thumba lopinda kukhwapa.
Iye akupempha kuti nthaka ibereke.
Awa akunyengereredwa kuti nthaka ipume.
Nditamuuza, angati chisanu chandizunguza mutu.

Lachitatu kunabwera mtsikana wa ku ofesi,
Imogen, wa majombo osadziwa ndowe.
Anagwada m'matope osanyansidwa,
anawerenga timaluwa kamodzikamodzi,
kalikonse ndi dzina lake, ngati ana a sukulu.
Kenako anatulutsa mapu ojambulidwa kuchokera kumwamba
amene akuti mundawo wachepa ndi theka la ekala.
A Hedley anauyenda zaka makumi asanu ndi limodzi.
Mapazi awo alibe poti asaine.

Ndalamayo akuti idzabwera. Idzabwera ndithu.
Koma wogulitsa chakudya cha ziweto
sadya mawu akuti idzabwera,
ndipo denga la khola likudontha chaka chachitatu.
Lachisanu nkhosa makumi asanu ndi atatu
zikwera lole kupita kumsika wa ku Hexham.
Galu sanauzidwe.
Adzathamangira kuphiri m'mawa mwake
kukakusa mphepo.

Tsamba lomaliza lili ndi kabokosi kakang'ono:
mahekitala angati mudzabzala mbewu
zoti mbalame zidye m'nyengo yachisanu?
A Hedley aluma chivindikiro cha cholembera.
"Kwanu mbalame mumazilimira?"
Ndati ayi, kwathu timazipirikitsa.
Ndinakula ndikumenya chitini m'munda wa mapira,
kukuwa mpaka mawu kusasa,
mpheta zikundiseka pamsonga ya mtengo.

"Nanenso," atero. "Akhwangwala. Ndi mfuti ya amalume."
Takhala chete, akale awiri pa nkhondo imodzi
imene mbalame zapambana popanda kudziwa.

Kenako aloza zenera ndi chibwano.
"Ya mlomo wokhotayo Edna ankaimva woyamba chaka chilichonse.
Ankaimitsa ntchito, ufa uli m'manja.
Zinali zambirimbiri. Chaka chatha ndinawerenga zinayi."

Alemba ziwiri m'kabokosi muja.
Afufuta. Alemba zitatu.
Asaina pang'onopang'ono, lilime lili pakona ya mlomo,
dzina lomwelo lolembedwa pachipata
ndi pamiyala isanu kuseri kwa tchalitchi.

Kabelu kalira m'chipinda cham'mwamba.
Ndisiya fomu patebulo, inki isanaume,
ndikwera masitepe.
Pansi ndikumva akutsegula chitseko,
kuitana galu,
kupita kukaona madzi pamene afika.